Wothamanga patsogolo, phiri kumbuyo: chithunzi ngati mboni ya mudzi

M'mwezi wa Julaye, pamene chisanu chafika pachimake ndipo chiperoni chakuta nsonga za phiri la Mulanje, anthu amalawirira ku Likhubula kukaonerera mpikisano wothamanga wokwera ndi kutsika phirili. Mpikisanowu, womwe umadziwika ndi dzina loti Porters Race, unayamba m'zaka za m'ma 1990 ngati masewera a anyamata onyamula katundu wa alendo ndi owalondolera njira m'phirimo. Lero umalandira aliyense, abambo ndi amayi, a m'Malawi ndi ochokera kunja. Othamanga amakwera chitunda cholunjika ku Chambe, amadutsa pamwamba mpaka ku Lichenya, kenaka n'kutsetsereka kubwerera ku Likhubula, mtunda wa makilomita oposa 20. Ulendo womwe mlendo wamba amauyenda tsiku lathunthu kapena masiku awiri, akatswiri amaumaliza maola atatu asanakwane.

Pakati pa khwimbi la oonerera sipalephera kukhala ojambula zithunzi. Ochepa amakhala ndi makamera akuluakulu, ambiri amangokweza mafoni awo m'mwamba. Onsewo amafuna chinthu chimodzi, ndicho nkhope ya wopambana, thukuta lili kamukamu, miyendo ili matope okhaokha. Koma kamera ilibe tsankho, imatola chilichonse chomwe chili patsogolo pake. Kumbuyo kwa wothamangayo kumaoneka phiri, ndipo m'phirimo mumaoneka pomwe pali mitengo, pomwe padapsa ndi moto, ndi pomwe nthaka idagumuka. Mawa lake anthu akaona chithunzicho amayang'ana wothamanga. Pakapita zaka khumi kapena makumi awiri, chomwe chimakhala ndi phindu lalikulu pachithunzipo ndi chija chinali kumbuyo.

Changu ndi kudekha

Kujambula masewera ndi kujambula malo ndi maluso awiri osiyana kutalitali. Wojambula masewera amalimbana ndi nthawi. Kuti munthu wothamanga aoneke bwino osachita chimbuuzi, kachitseko ka m'kamera kayenera kutseguka ndi kutsekeka m'kanthawi kochepa zedi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Wodikira kuti aone chigoli ndipo kenaka adine, wachedwa kale, mpira wagwedeza ukonde. Choncho wojambulayo ayenera kuwadziwa masewerawo monga amawadziwira wosewera weniweni. Amadziwa kuti mtsikana wa mpira wamanja akalumpha, pamakhala kamphindi komwe thupi limaima m'malere lisanayambe kutsika, ndipo kamphindi kameneko ndiko koyenera kudina. Amagwada pansi kuti wosewera aoneke wamphamvu, ndipo amayesetsa kuti dzuwa likhale kumsana kwake.

Wojambula malo alibe liwiro lotero, pakuti phiri silithawa. Chomwe chimathawa ndi kuwala. Dzuwa la paliwombo limafafaniza zigwa ndi zitunda, dziko n'kuoneka lathyathyathya. Dzuwa la m'mamawa ndi la chakumadzulo limabwera cham'mbali, limagwetsa mithunzi, ndipo pamenepo mizere ya m'munda, zigwembe ndi zitsa zimaonekera poyera. M'miyezi ya Seputembala ndi Okotobala, utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimaphimba mapiri, koma mvula ikangogwa mpweya umayera ndipo mtengo uliwonse umawerengeka. Wojambula wotere akhoza kubwerera pamalo amodzi katatu kapena kanayi asanakhutire. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mlimi sangadabwe ndi maluso awiriwa chifukwa amawagwiritsa ntchito chaka ndi chaka. Amadikira mvula yodzalira kwa masabata ambiri, koma ikagwa sazengereza, amadzala m'masiku ochepa chinyezi chisanathawe.

Phiri lomwe likusintha

Phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, linakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa ndi boma m'chaka cha 1927. M'chaka cha 2000 bungwe la UNESCO linalizindikira ngati malo ofunika pa zachilengedwe, ndipo mu 2025 linaliika m'kaundula wa malo achikhalidwe ofunika padziko lonse, polemekeza mgwirizano wakalekale wa phirili ndi Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe. M'phirimo mumachokera mitsinje monga Likhubula, Lichenya, Thuchila ndi Ruo. Mtsinje wa Ruo ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique kwa mtunda wautali usanathire mu Shire ku Chiromo. Minda ya tiyi, madimba a alimi ang'onoang'ono ndi mipopi ya m'midzi zimadalira madzi amenewa, ndipo ena mwa madzi omwe anthu amamwa mumzinda wa Blantyre amatengedwa ku Likhubula komweko.

Ulemerero wa phirili unali mkungudza wa ku Mulanje, mtengo womwe mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi. Unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi m'chaka cha 1984. Matabwa ake ndi onunkhira, safumbwa ndi chiswe ndiponso saola msanga, ndipo ubwino womwewo ndi umene unaudyetsa nkhwangwa. Ocheka matabwa mozembera lamulo, moto wa m'chilimwe, nsabwe za m'mitengo zomwe zinaoneka m'Malawi mu 1986, komanso paini wobwera yemwe anafalikira m'malo mwake, zonsezi zinaupanikiza. Kafukufuku wa m'chaka cha 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Kuchokera nthawiyo, bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi nthambi ya zankhalango ndi abwenzi akunja akhala akudzala mbande zikwizikwi zofesedwa m'manazale a anthu a m'midzi yozungulira. Koma mkungudza umakula pang'onopang'ono, ndipo wodzala lero akudzalira zidzukulu.

Mwana wobadwa zaka zino sangadziwe kuti ku Chambe ndi ku Lichenya kunali nkhalango za mkungudza pokhapokha atauzidwa kapena ataona chithunzi. Apa ndi pamene pagona vuto. Dziko likamawonongeka pang'onopang'ono, m'badwo uliwonse umayesa kuti momwe udalipezera ndi momwe lidalengedwera. Agogo akanena kuti kale mtsinje uno sunkaphwa, achinyamata amati ndi nkhambakamwa za okalamba. Chithunzi chokhala ndi deti chimathetsa mkangano wotere.

Pamene mapiri akwiya

Anthu a ku Phalombe sadzaiwala mwezi wa Malichi m'chaka cha 1991, pamene madzi, matope ndi miyala zinatsetsereka kuchokera m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana, tsoka lomwe ambiri amalitchula kuti Napolo. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anachitanso zoopsa m'maboma a kummwera, ndipo anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Ku Blantyre, phiri la Soche linagumukira nyumba za ku Chilobwe usiku anthu ali m'tulo.

Zithunzi za masiku amenewo zinayenda pafoni ndi pa Facebook mofulumira kuposa galimoto zachithandizo, ndipo zinathandiza kuti dziko lapansi limve msanga. Komabe zithunzi za tsokalo pazokha sizifotokoza chifukwa chake. Mvula ya Freddy inali yochuluka kotero kuti ngakhale malo ena okhala ndi mitengo anagumuka. Koma kuti anthu azindikire kuti ndi liti pamene nyumba zinayamba kukwera m'mphepete mwa phiri, ndi liti pamene mitengo inatha, ndiponso kuti madzi ankadutsa kuti asanatsekeredwe njira, pafunika zithunzi zakale, zija zinajambulidwa tsiku lopanda nkhani. Mumzinda wa Blantyre, aliyense woona chithunzi cha phiri la Ndirande lisanametedwe m'zaka za m'ma 1990 amagwira pakamwa. Zithunzi zakale zoterezi zimasungidwa ku National Archives ku Zomba ndi kunyumba yosungira mabuku ya Society of Malawi ku Mandala, koma zambiri zili m'masutikesi ndi m'maalubamu a mabanja, m'mipingo ndi m'sukulu, eni ake osadziwa chuma chomwe akusunga.

Zithunzi zomwe zinagwedeza chigawo chino

Maiko a kummwera kwa Africa akudziwa kale mphamvu ya kamera. Pa 16 Juni 1976, Sam Nzima wa nyuzipepala ya The World anajambula Mbuyisa Makhubo atanyamula Hector Pieterson, mwana wasukulu yemwe anawomberedwa ndi apolisi ku Soweto, mlongo wake Antoinette akuthamanga pambali akulira. Nzima anabisa filimuyo m'sokosi kuti apolisi asailande. Chithunzicho chinazungulira dziko lonse ndipo chinaonetsa nkhanza za ulamuliro watsankho kuposa momwe mawu akanathera. Mwini wake anavutika nacho: anasiya utolankhani chifukwa choopsezedwa, ndipo umwini wa chithunzi chake anaupeza patapita zaka zoposa makumi awiri.

Ku Mozambique, Ricardo Rangel anajambula m'nthawi ya atsamunda mnyamata woweta ng'ombe yemwe bwana wake anamutentha pamphumi ndi chitsulo chodindira ziweto, pomulanga kuti wataya ng'ombe. Dziko litalandira ufulu, Rangel anatsogolera sukulu yophunzitsa kujambula ku Maputo kuyambira mu 1983, ndipo anasula ojambula ambiri.

David Goldblatt wa ku South Africa anatsata njira ina. Iye sankathamangira kumene kukulira mfuti. Ankajambula migodi, matchalitchi, mipanda ndi zigwa, pokhulupirira kuti makhalidwe a anthu amadindika pa nthaka yomwe akukhalapo. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anajambula milu ya zinyalala za asibesitosi zomwe makampani a migodi anazisiya pamtetete m'chigawo cha Northern Cape, komwe fumbi lake linkadwalitsa anthu matenda a m'mapapo migodiyo itatsekedwa kale. Poyang'ana koyamba munthu amangoona dziko louma ndi miyala yobiriwira. Akawerenga mawu apansi pake ndi pamene amazindikira kuti akuona mlandu. Goldblatt ndi amene anayambitsa sukulu ya Market Photo Workshop ku Johannesburg mu 1989, kuti achinyamata omwe tsankho linawatsekera mwayi aphunzire kujambula madera awo okha.

Gombe la Libreville

Masewera nawo ali ndi zithunzi zomwe zinasanduka chuma cha fuko. Pa 24 Juni 1995, pabwalo la Ellis Park, Nelson Mandela atavala yunifolomu ya timu ya ragibe yokhala ndi nambala 6 anapereka chikho cha dziko lonse kwa Francois Pienaar. Masewera omwe anthu akuda ankawaona ngati chizindikiro cha owapondereza anakhala, kwa tsiku limenelo, a dziko lonse. Chithunzicho sichinathetse umphawi kapena kugawa minda, koma chinapatsa anthu chooneraponso cha dziko lomwe ankalifuna.

Kwa anthu a ku Zambia, chithunzi chosaiwalika ndi cha gombe. Pa 27 Epulo 1993 ndege yomwe inanyamula timu ya mpira ya dzikolo paulendo wa ku Senegal inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville ku Gabon, ndipo anthu onse 30 anamwalira, 18 mwa iwo osewera. Patapita zaka 19, timu ya Chipolopolo inafika mumzinda womwewo kudzasewera ndime yomaliza ya chikho cha Africa. Masewerawo asanachitike, osewera pamodzi ndi Kalusha Bwalya, yemwe anapulumuka chifukwa sanakwere ndege ija, anapita kugombe kukaponya maluwa m'madzi. Pa 12 Febuluwale 2012 anagonjetsa Côte d'Ivoire pamapenate 8 kwa 7, ndipo mphunzitsi Hervé Renard ananyamula m'manja Joseph Musonda, yemwe anavulala, kuti akasangalale ndi anzake.

Munthu wosadziwa mbiriyi akaona chithunzi cha pagombe paja amangoona mchenga, madzi ndi anyamata ovala zobiriwira. Kwa Mzambia, malo amenewo ndi manda. Malo alibe tanthauzo lokwanira popanda anthu owakumbukira, ndipo chithunzi ndi chimodzi mwa zingwe zomangirira chikumbukiro pamalo pake.

Kuima pamalo amodzi kawiri

Pali njira ina yojambulira yomwe siifuna luso lalikulu koma imapindulitsa alimi mwachindunji. Munthu amatenga chithunzi chakale, n'kufunafuna pomwe wojambula woyamba anaima, n'kujambulanso molunjika komweko. Zithunzi ziwirizo zikaikidwa pamodzi, kusintha kwa dziko kumaoneka kopanda womasulira.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha boma la Machakos ku Kenya. M'zaka za m'ma 1930, akuluakulu a boma la atsamunda anajambula mapiri a kumeneko ali mbee, okumbika zigwembe, ndipo ankati dzikolo latheratu chifukwa cha kuchuluka kwa anthu ndi ziweto. Cha m'ma 1990, ofufuza Mary Tiffen, Michael Mortimore ndi Francis Gichuki anajambulanso malo omwewo. Chiwerengero cha anthu chinali chitawonjezeka pafupifupi kasanu, koma mapiri aja anali atadzaza ndi migula, mitengo yazipatso, khofi ndi nthochi. Alimi a Chikamba, makamaka magulu a amayi othandizana ntchito, anali atakumba migula yotchinga madzi ndi nthaka, polimbikitsidwa ndi msika wa ku Nairobi ndi chitsimikizo choti minda ndi yawo. Buku lawo la More People, Less Erosion, lomwe linatuluka mu 1994, linabutsa mtsutso waukulu, ndipo ena ananena kuti si mabanja onse omwe anapindula mofanana. Koma zithunzizo zinatsimikiza mfundo imodzi, yoti nthaka yoguga ikhoza kubwerera ngati eni ake aona phindu loisamalira.

Ku South Africa, akatswiri a pa University of Cape Town anakhazikitsa mu 2015 ntchito ya rePhotoSA, yomwe imapempha anthu wamba kuti athandize kujambulanso malo omwe akatswiri a zomera anawajambula kalekale. Zotsatira zake zaonetsa kuti dziko silisintha mofanana. Kwina udzu wawonjezeka, kwina zitsamba ndi mitengo yaminga zalowerera malo odyetsera ziweto. Izi zikuphunzitsa kuti chithunzi chobwereza sichimangonena za kuwonongeka kokha. Chimathanso kutsutsa mlendo wofika lero yemwe akuweruza mudzi asanadziwe komwe wachokera.

Zomwe komiti ya kumudzi ingachite

Chaka chilichonse, nyengo yodzala mitengo ikatsegulidwa m'Malawi m'mwezi wa Disembala, nyuzipepala zimadzaza ndi zithunzi za akuluakulu atagwada, mbande ili m'manja, khasu latsopano lili pambali. M'maiko oyandikana nawo mwambo ndi womwewo. Chomwe chimasowa ndi chithunzi cha malo omwewo m'mwezi wa Okotobala, mbuzi, chiswe ndi moto zitachitapo mbali yake. Kuwerenga mbande zodzalidwa n'kosavuta, koma chitukuko chenicheni chili pa mitengo yomwe yapulumuka.

Komiti yoona zachilengedwe, kalabu ya alimi kapena gulu la achinyamata likhoza kutseka mpata umenewu ndi foni imodzi yokha. Choyamba ndi kusankha malo ochepa, atatu kapena asanu, omwe mudzi ukuwadera nkhawa: gwero la mtsinje, nkhalango ya mudzi, chigwembe chomwe chikudya munda, dambo lodyetsera ziweto. Pamalo aliwonse akhomepo chikhomo chachitsulo kapena asankhe mwala wosasuntha, kuti wojambula aziima pomwepo nthawi zonse. M'chithunzimo mukhale chinthu chosasintha, monga nsonga ya phiri, thanthwe kapena denga la tchalitchi, choti chizitsogolera wojambula wotsatira. Munthu mmodzi aime chapatali atagwira ndodo ya mamita awiri, kuti kutalika kwa mitengo ndi kuya kwa chigwembe kuziyezeka.

Kujambula kuchitike kawiri pachaka, mvula ikamatha mu Epulo ndi chilimwe chikafika pachimake mu Okotobala, pa ola lofanana. Kufanizira chithunzi cha dzinja ndi cha chilimwe n'kudzinamiza, pakuti chilichonse chimaoneka chobiriwira mu Febuluwale. Mlembi alembe m'kaundula deti, dzina la malo, komwe kamera inaloza ndi dzina la wojambula. Izi n'zofunika chifukwa chithunzi chikatumizidwa pa WhatsApp chimachepetsedwa, ndipo zambiri zomwe foni inasunga zokhudza nthawi ndi malo zimafufutika. Pomaliza, zithunzizo zitsukidwe n'kumatidwa m'buku la komiti. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, ndipo mwini wake akhoza kusamukira ku Johannesburg, koma buku limatsala kwa amfumu kapena kusukulu.

Buku lotere likafika pamsonkhano wa komiti ya chitukuko, nkhani imasintha. Mlangizi saneneranso zam'mutu. Bungwe lomwe linalonjeza mitengo 10,000 limaonetsedwa phiri lake. Mabanja omwe anasiya mphukira za mitengo yachilengedwe m'minda mwawo, kapena anadzala vetiva m'migula, amaona ndi maso kuti thukuta lawo silinapite pachabe, ndipo okayika aja amayamba kufunsa.

Bwalo la mpira ndi la mudzi wonse

Pali malo ena omwe makomiti amawaiwala, ndiwo bwalo la masewera. M'midzi yambiri bwalo la mpira ndilo malo okhawo aakulu omwe ndi a aliyense. Loweruka pamaseweredwa mpira wamiyendo ndi wamanja, mkati mwa sabata pamachitikira sikelo ya ana, pamagawidwa chimanga m'chaka cha njala, pamafikira andale m'nyengo ya kampeni, ndipo madzi akasefukira pamamangidwa matenti. Komabe mabwalo ambiri akuchepa mwakachetechete. Wina amalima mizere iwiri m'mphepete, wina amaumba njerwa kuseri kwa golo, wina amamanga okala pakona, mpaka tsiku lina ana amapeza kuti kona alibe pomenyera.

Chithunzi cha timu ya sukulu chomwe chinajambulidwa zaka makumi awiri zapitazo chikhoza kuonetsa pomwe bwalo linkathera, mtengo wa mango womwe unali malire, ndi njira yomwe inkadutsa kumbuyo. Sichilowa m'malo mwa umboni wa amfumu kapena mapepala a malo, koma chimathandiza anthu kukumbukira mofanana, ndipo mlandu wa malo umavuta pamene aliyense akukumbukira zake.

Zithunzi za masewera zimaonetsanso amene ali m'bwalo ndi amene ali kunja. Kwa zaka zambiri masamba a masewera ankadzaza ndi amuna okhaokha. Pamene timu ya Malawi Queens inagonjetsa New Zealand ndi zigoli 57 kwa 53 pamasewera a Commonwealth mu 2018, ndiponso pamene timu ya mpira wamiyendo ya amayi, Scorchers, inatenga chikho cha COSAFA mu 2023, zithunzi zawo zinafika m'mafoni a kumudzi. Mtsikana woona Temwa ndi Tabitha Chawinga kapena Barbra Banda wa ku Zambia akusewera m'mabwalo akuluakulu a kunja amakhala ndi poyambira pokambirana ndi makolo ake. Wogwira ntchito zachitukuko yemwe amajambula timu ya anyamata yokha, atsikana n'kumaoneka kumbuyo atasenza ndowa zamadzi, wajambula zoona za mudziwo, ngakhale kuti sizomwe amafuna kunena.

Malire a kamera

Ngakhale zili choncho, chithunzi si mboni yopanda chilema. Chimaonetsa zomwe wojambula wasankha, ndipo chimabisa zomwe wazisiya kunja. Wojambula kalendala amapotoza kamera kuti uvuni wa makala usaoneke. Wofuna thandizo la ndalama amapotozera kwina kuti mitengo yophukira isaoneke. Onse awiri sananame, koma onse awiri sananene zoona zonse.

Njira za m'phiri la Mulanje zikupereka phunziro pankhaniyi. Tinjira tomwe othamanga amadutsa ndi tomwenso onyamula katundu wa alendo amayendamo, ndiponso ndi tomwe anyamata osenza matabwa pamutu akhala akutsikiramo. Nthawi zina ndi anthu a m'mudzi umodzi, ngakhale a m'banja limodzi. N'chapafupi kujambula wosenza thabwa, pakuti ali panjira ndipo alibe pobisala. Wogula matabwawo mumzinda, mwini galimoto yowanyamula usiku, ndi yense wotsinzina kuti adutse, saoneka pachithunzi. Chithunzi chotere chikafalitsidwa popanda kulingalira, chimapachika mlandu wonse pa wosauka yemwe walandira zochepa kuposa onse. Wojambula wanzeru amadzifunsa kuti chithunzi chake chikapweteka yani ndipo chikateteza yani.

Palinso ulemu. Munthu apemphedwe asanajambulidwe, ndipo auzidwe komwe chithunzi chake chikupita. Mwana asajambulidwe popanda chilolezo cha kholo kapena mphunzitsi. Wovulala, wamaliro ndi wolandira chithandizo ali ndi ufulu wokana. Manda, dambwe ndi malo a nsembe ali ndi eni ake ndi miyambo yake, ndipo kamera siipatsa munthu chilolezo cholowa paliponse. Amene akujambula zophwanya lamulo asadziike pangozi, koma apereke umboniwo kwa amfumu, a zankhalango kapena apolisi. Masiku ano, pamene kompyuta ikutha kupanga chithunzi cha zinthu zomwe sizinachitike, ndipo zithunzi za kusefukira kwa madzi kwa dziko lina zimatumizidwa ngati za kwathu kuno, chithunzi chodalirika ndi chomwe chili ndi deti, malo ndi munthu wodziwika wochiikira umboni.

Ku Likhubula, wothamanga womaliza akafika, oonerera amabalalika, ogulitsa nthochi ndi chinangwa amalongedza, ndipo phiri limatsala lokha ndi mitambo yake. M'mafoni mazanamazana mumakhala zithunzi za tsikulo, ndipo zambiri zimafufutidwa mwezi usanathe kuti papezeke malo a nyimbo. Pamwamba, m'zigwa za ku Chambe ndi ku Lichenya, mbande za mkungudza zikulimbana ndi chisanu ndi moto. Ngati zidzakule kapena ayi, palibe angalumbire lero. Koma wojambula yemwe chaka chino abwerere m'mbuyo mapazi awiri kuti chitunda chonse chilowe kumbuyo kwa wothamanga, n'kulemba deti, n'kusunga chithunzicho, adzakhala atasiyira ana a m'chaka cha 2050 poyambira kuwerenga.